Misika ikhale ndi ozimitsa moto odzipereka

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za moto womwe umangosakaza misika yathu. Magalimoto ozimitsa moto ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Nanga moto ukabuka usiku pa Jenda kapena pa Lizulu, pothawira m'poti? Galimoto ikamafika kuchokera kutali, zigoba zonse zimakhala zitasanduka phulusa, mpamba wa katapila utapita nawo limodzi.

Ku Chile ozimitsa moto onse ndi anthu ongodzipereka, salandira malipiro, ndipo gulu loyamba linakhazikitsidwa ku Valparaíso mu 1851. Koma salimbana ndi moto chimanjamanja. Boma limawapatsa ndalama, anthu wamba nawonso amasonkha.

Ifenso kudzipereka timakudziwa, taonani anyamata achitetezo cha m'mudzi omwe amachezera kulondera usiku. Chosowa ndi maphunziro ndi zipangizo. Makhonsolo amadulitsa ziphaso pamsika tsiku ndi tsiku. Apatuleko kachigawo kogulira thanki ya madzi, mapaipi, ndowa za mchenga, majombo ndi zozimitsira moto zonyamula pamanja. Ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) nazo ziyikidwepo. Ozimitsa moto a m'mizinda aphunzitse mavenda osankhidwa pamsika uliwonse, makamaka kuti moto wa magetsi ndi wa mafuta sathira madzi, chinthu chomwe ambiri sachidziwa.

Ndipo wodzipereka akavulala pantchitoyi, khonsolo imulipirire chithandizo, asasiyidwe m'manja mwa abale okha.

Ine wanu,
Wogulitsa kaunjika, Kasungu