Kalata ya ku Luwinga: Za Kulowetsa Zithunzi za Ubongo mu CONN

Luwinga, Mzuzu

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kuzizira kwa mwezi wa Julayi kwafika ndipo nkhungu sichoka mpaka dzuwa litakwera, choncho ndikulemba nditavala jekete. Munandifunsa mmene ndinalowetsera mu CONN, pulogalamu yofufuzira mmene madera a ubongo amagwirira ntchito mogwirizana, zithunzi za ubongo za MRI zimene zinakonzedwa kale ndi pulogalamu ina ya fMRIPrep, popeza nanunso mwayamba ntchito yomweyi. Ndikufotokozerani pamene ndinapunthwa, kuti inu mudzapalambalale.

Zithunzizo ndinazitenga pa OpenNeuro, tsamba losungirapo zithunzi za ubongo za kafukufuku, usiku pamene intaneti imathamangako, ndipo zinabwera zitasanjidwa m'dongosolo la BIDS, njira imene ofufuza amatsata posanja ndi kutchula mafayilo otere. Pulogalamu ya fMRIPrep, imene inachokera m'gulu la Russell Poldrack ku Stanford, inali itagwira kale ntchito yolemetsa: inawongola kugwedezeka kwa mutu, inagwirizanitsa zithunzi za BOLD (zoonetsa kusintha kwa okosijeni m'magazi a muubongo) ndi chithunzi cha T1 (choonetsa kapangidwe ka ubongo), ndiponso inasamutsira ubongo wa munthu aliyense pa muyeso umodzi wofananizira ubongo wa anthu onse, wotchedwa MNI152NLin2009cAsym. Ine nditatsegula CONN mu MATLAB, pulogalamu ya masamu imene CONN imayendamo, ndinangodina njira yonse yokonzera imene CONN imabwera nayo, ngati kuti zithunzizo zinali zisanakhudzidwepo. Kompyuta inalira masiku awiri, magetsi anazima pakati, ndinayambiranso, ndipo chimene ndinapindula chinali kukonola mphale yokonola kale.

Vuto silinali nthawi yotayika yokha. Zithunzi zikasamutsidwa kachiwiri, ma voxel, timadontho timene timapanga chithunzi, amasakanikirana pang'ono ndi oyandikana nawo. Choipa kwambiri n'chakuti CONN inayeza kugwedezeka kwa mutu pa zithunzi zowongoledwa kale, ndiye manambala asanu ndi limodzi a kayendedwe ka mutu anatuluka aang'ono zedi, ngati kuti anthu onsewo anagona m'makina osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinakondwera, achimwene, mpaka ndinauza anzanga kuti ndapeza deta yoyera. Komatu phokoso la kugwedezekako linali lidakali m'zithunzi, ndipo panalibenso manambala oona oti alichotse.

Njira yoyenera ndi kusankha gawo lolowetsera zotuluka mu fMRIPrep, n'kuilozera foda ya derivatives, mmene muli mafayilo okonzedwa kalewo. CONN imatola yokha zithunzi za BOLD, chithunzi cha T1, magawo a grey matter ndi white matter (mitundu iwiri ya minofu ya ubongo) ndi madzi a muubongo, komanso fayilo ya desc-confounds_timeseries.tsv, mmene muli kayendedwe kenikeni ka mutu. Chotsala ndi smoothing, kusalaza zithunzi kuti phokoso lichepe, chifukwa fMRIPrep sichita zimenezo. CONN imakupatsani kusalaza kwa mamilimita 8, koma ine ndinatsitsa kufika pa 6 poti madera amene ndikufufuza ndi aang'ono. Mukafuna kulowetsa pamanja ma confound, manambala a zinthu zosokoneza monga kayendedwe ka mutu, yang'anani mzere woyamba wa framewise displacement, muyeso wa mmene mutu wasunthira kuchokera pa chithunzi chimodzi kufika pa chotsatira: mumalembedwa n/a, popeza chithunzi choyamba chilibe chinzake cham'mbuyo choyerekezera nacho.

Pa nkhani ya TR, nthawi ya pakati pa chithunzi chimodzi ndi chotsatira, ndinadzichititsa manyazi ndekha. Ndinalemba masekondi 2 mwachizolowezi, pamene fayilo ya JSON yofotokoza mmene zithunzizo zinajambulidwira inali kunena poyera kuti RepetitionTime ndi 0.8. Pulogalamuyo sinadandaule, inangokhulupirira zimene ndinaiuza. Mukukumbukira kuti Bharat Biswal ndi anzake anaonetsa mu 1995 kuti madera a ubongo olamulira kuyenda kwa manja amakwera ndi kutsika pamodzi pang'onopang'ono ngakhale munthu akungopuma, ndipo n'chifukwa chake CONN imasefa n'kusiya mafunde a pakati pa 0.008 ndi 0.09 Hz (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi). Sefayo imawerengera nthawi kuchokera pa TR, choncho TR ikalembedwa yaitali kuposa yeniyeni, sefayo imataya mafunde amene mukuwafuna n'kusunga ena othamanga, mmene kupuma kwa munthu kumalowererako mosavuta.

Tsopano ndisanakhulupirire mapu alionse a kugwirizana kwa madera a ubongo, ndimayamba ndaona zinthu ziwiri. Ndimaika chithunzi cha BOLD pamwamba pa atlas, mapu ogawa madera a ubongo, kuti ndione ngati malire akugwirizana, munthu mmodzimmodzi, ngakhale n'zotopetsa. Kenako ndimayang'ana graph ya denoising, ntchito yochotsa phokoso, pambuyo pochotsa zigawo za aCompCor (phokoso lotengedwa mu white matter ndi m'madzi a muubongo), kayendedwe ka mutu ndi zithunzi zogwedezeka kwambiri: phiri la ma correlation (manambala a kugwirizana kwa madera awiriawiri), limene poyamba limapendekera kudzanja lamanja, liyenera kubwerera pafupi ndi ziro. Ulendo woyamba uja langa linakakamira kumanja, ndipo ndi pamene ndinayamba kukayika.

Mukalowetsa munthu woyamba, munditumizire chithunzi cha graph imeneyo pa WhatsApp pamodzi ndi TR yanu, tione limodzi musanawononge masiku pa anthu onse. Ngati wina akubwera kumudzi mu Disembala, mumupatsire hard drive, chifukwa yanga yadzaza ndi mafayilo amene ndinakonza kawiri aja. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
wa ku Luwinga