Kwa mwana wanga amene wasankha uphunzitsi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Ife kuno tili bwino, kungoti amalume ako akung'ung'udzabe kuti munthu wokhoza chonchi bwanji osakachita zamalamulo kapena udokotala. Asiye alankhule, amene akakhale m'kalasimo ndiwe.

Ndawerenga kalata imene ukufuna kutumiza ku yunivesite, yofotokoza chifukwa chimene wasankhira uphunzitsi wa sayansi. Yalembedwa bwino, koma chiganizo chimodzi sichinandikhutitse, chija chakuti ukufuna mwana aliyense akhale ndi mwayi wofanana wa maphunziro. Angatsutse ndani? Ngakhale maboma ananena kalekale. Mu 1948 mayiko a m'bungwe la United Nations atakumana ku Paris anagwirizana, m'ndime 26 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe, kuti maphunziro oyambirira akhale aulere, ndipo maphunziro apamwamba apezeke kwa aliyense malinga ndi kukhoza kwake. Mu 2015 analonjezanso, pa cholinga chachinayi mwa zolinga 17 za chitukuko, kuti pofika 2030 amuna ndi akazi omwe azitha kufika ku yunivesite kapena ku sukulu zaluso pa mtengo wofikirika. Mawu okoma alipo kale ambiri, ako sawonjezerapo kanthu.

Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti "malinga ndi kukhoza kwake". Kukhozako amakuyeza ndi mayeso, ndipo mayeso safunsa kumene mwana wachokera. Wina wakhala akusuzumira mu maikulosikopu, chipangizo choonera tinthu tating'onoting'ono, chaka chonse, mpaka anaona yekha timaselo ta tsamba. Mnzake anangoiona itajambulidwa ndi choko pabolodi, aphunzitsi akuti, "yerekezani kuti apa pali galasi." Tsiku la mayeso onse amalandira pepala limodzi, ndiye wolemba magiredi amati uyu ndi wanzeru, uyu ayi. Ukumukumbukira mtsikana uja ankakuposa masamu ku pulayimale? Sanalephere mayeso aliwonse. Fizi ndiyo inamubweza pakhomo. Zimenezi ndizo ulembe m'kalata yako, chifukwa unaziona ndi maso ako, ndipo zikusonyeza kuti ukudziwa pamene ana amagwera. Komanso zikuthandize kuti ukakafika kumeneko usakadzitukumule, kapena kuchita manyazi pamaso pa anzako ochokera ku masukulu apamwamba. Akakuyankhira mafunso msanga m'miyezi yoyamba, dziwa kuti anangoyamba ulendo ali patsogolo.

Tsopano ndikufunse monga kholo. Kodi ntchito yeniyeniyo ukuikonda, kapena ukukonda chifukwa chake chokha? Chisoni chimathera panjira, mwana wanga. Uphunzitsi ndi mulu wa makope ofunika kuchonga usiku maso akulemera, ndi kufotokoza phunziro lomwelo kachitatu kwa mwana amene wakhala kumbuyo ndipo akuopa kukweza dzanja. M'mayiko ambiri aphunzitsi amalandira zochepa poyerekeza ndi anzawo a madigiri ofanana nawo, ndipo udzaona anzako a m'kalasi akukupitirira. Ngati ukatenge ngongole ya maphunziro, uwerenge bwino pepala lake usanasaine: ayamba liti kudula, chiwongoladzanja chake n'chotani, ndipo pa malipiro a mphunzitsi padzatsala chiyani. Sindikukubweza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndinganyadire kukuona ukulera ana a anthu ena m'kalasi. Chimene sindikufuna n'chakuti usankhe ntchito chifukwa chodziimba mlandu kuti iwe unapitirira anzako atatsala, kapenanso pofuna kubweza zimene ife tinawononga pa iwe. Tilibe ngongole yoti utibwezere.

Usanatumize kalatayo, upemphe mphunzitsi wina amene umamukhulupirira akulole kukhala kumbuyo kwa kalasi yake masiku angapo, makamaka maphunziro a masana ana atatopa. Umufunsenso chimene chimamuvuta kwambiri pa ntchitoyi. Ukatero uilembenso, unditumizire ndiione tsiku lotsekera lisanafike. Abale ako onse akupereka moni.

Ndine,
Mayi ako