Malire a zimene wochita lendi angasinthe m'nyumba alembedwe papepala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene imasowetsa mtendere anthu ambiri okhala m'nyumba za lendi, yomwe ndi malire a zimene munthu angasinthe kapena kukonza m'nyumba imene si yake. Ndakhala m'nyumba zotere kwa zaka zambiri, ndipo zimene ndikulemba panozi ndinaziphunzira mowawa.

M'nyumba ina imene ndinakhalamo, pansi pa bafa panali simenti yong'ambika m'makona, moti madzi ankalowa m'ming'alumo n'kukatulukira kukhoma la chipinda cha ana. Khomalo silinkauma, penti ankatukumuka ngati matuza, ndipo ndikasuntha bedi ndinkapeza chuku chakuda chitamera m'munsi monse. Nditadandaula kangapo, eni nyumba anandiuza pakamwa kuti ndikonze ndekha, za ndalama tidzakambirana pa lendi. Ndinaitana mmisiri, anaika matailosi, anamata pulasitala watsopano, ndipo khoma lija linauma. Patangopita miyezi yochepa lendi inakwera, chifukwa chake n'chakuti nyumbayo tsopano inkaoneka bwino. Tsiku lochoka ndinafunsa za ndalama zanga, koma ndinasowa pogwira, popeza ndinalibe pepala lililonse losonyeza zimene tinagwirizana.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo, ndipo anzanga ambiri sachidziwabe, ndi mfundo yakale imene inalipo kale m'malamulo a Aroma ndipo maiko ambiri amaitsatirabe, yakuti chinthu chomangiriridwa kunyumba chimasanduka mbali ya nyumbayo. Makatani, kalapeti ndi kabati yoima payokha ndi zanu, mudzanyamula pochoka. Matailosi, sinki ndi zitsulo zowotcherera m'mazenera zimatsalira mwini nyumba, ngakhale malisiti ake ali m'dzina lanu, pokhapokha mutagwirizana zina musanayambe ntchito.

Sindikunena kuti wochita lendi azichita zofuna zake. Malire ena ndi oyenera, ndipo ine ndimawavomereza ndi mtima wonse. Khoma lina limanyamula denga, ndipo munthu amene waligumula kuti akulitse chipinda waika pachiswe miyoyo ya onse ogona m'nyumbamo. Mawaya a magetsi kawirikawiri amayenda m'kati mwa khoma molunjika m'mwamba kapena m'mbali kuchokera pa soketi ndi pa switchi, kotero kuti woboola mwachisawawa akhoza kugwidwa ndi magetsi, kapena kusiya waya wosupuka amene adzayambitse moto patapita nthawi. Nawo mapaipi a madzi amabisika chimodzimodzi. Ngakhale kupenta kumene kuli ndi zake, chifukwa penti wakale wa m'nyumba zina ali ndi mtovu, ndipo kumupala kumatulutsa fumbi limene limaononga ubongo wa ana aang'ono. N'chifukwa chake dziko la America linaletsa penti wotereyu m'nyumba zogonamo mu 1978. Mwini nyumba amene akufuna kufunsidwa kaye pa zinthu ngati zimenezi sakulakwa konse.

Vuto limabwera pamene kuletsako kwafika pa chilichonse. Pali migwirizano ya lendi imene imakaniza ngakhale kukhoma msomali umodzi wopachikapo chithunzi cha banja, kuika shelefu ya mabuku a mwana, kapena kupenta chipinda chimene chinapentedwa komaliza ana a m'nyumbamo asanabadwe. Munthu amene akulipira mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, sayenera kukhala ngati mlendo wongodutsa. Komanso ndaona ndi maso anga kuti woletsedwa zonse amasiya kusamala. Mpopi ukamadontha amangoikapo chidebe, chitseko chikagwedera amachichirikiza ndi mwala, ndipo amene amadzataya zambiri pamapeto ndi mwini nyumba yemweyo.

Nkhani ya dipoziti ndiyo imawawa koposa. Pali kusiyana pakati pa kuononga ndi kutha kwa zinthu kumene kumabwera chifukwa chongokhalamo. Penti amasuluka ndi dzuwa, chogwirira chitseko chimatha ndi manja, ndipo zimenezi n'zimene lendi imalipira kale. Zenera losweka kapena dzenje lalikulu pakhoma ndi mlandu wa wokhalamo. Eni nyumba ena amasakaniza dala zinthu ziwirizi, n'kudula dipoziti yonse kuti apentere wobwera pambuyo pake.

Pempho langa kwa eni nyumba ndi ochita lendi omwe n'lakuti mgwirizano uliwonse uzinena momveka zimene wokhalamo angachite popanda kufunsa, zimene ayenera kupempha chilolezo cholembedwa, ndi zimene sangakhudze n'komwe. Ntchito ikakhala yowonjezera mtengo wa nyumba, pepala lomwelo linene amene alipire, ngati ndalamazo zidzachotsedwa pa lendi ndiponso kwa miyezi ingati, komanso ngati pochoka zinthu zidzatsala momwemo kapena zidzabwezedwa mwakale. Tsiku lolowa, onse awiri ayende chipinda ndi chipinda, ajambule zithunzi pa foni, alembe paliponse pamene pali mng'alu kapena loko wofooka, kenako asainirane, aliyense asunge pepala lake. Kumene ndikukhala tsopano tinachita zimenezi, ndipo pamene ndinapempha kuika shelefu m'khitchini, eni nyumba anabwera okha kudzandisonyeza pamene paipi ikudutsa.

Ndikupempha nyuzipepala yanu kuti iitane odziwa malamulo a nyumba adzafotokozere owerenga nkhani imeneyi mwatsatanetsatane, makamaka za dipoziti ndi za katundu womangiriridwa kukhoma.

Ine wowerenga wanu,
Wokhala m'nyumba ya lendi