Ndakatulo ya Chichewa tiziyesa ndi khutu la Chichewa

A Mkonzi,

Ndikupempha danga kuti ndinenepo za ndakatulo zimene achinyamata athu kuno ku Joni akulemba pa Facebook ndi kulakatula pa misonkhano ya Amalawi ku Yeoville, Mayfair ndi Rosettenville. Luso ali nalo, ndipo zimene amalemba zokhudza lendi, mapepala ndi kupukwa kumudzi zimagwira mtima, koma ambiri akhulupirira kuti ndakatulo siikoma ngati mizere yake siithera pa liwu lofanana.

M'Chichewa zimenezi si luso lalikulu ayi. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi mawu athu onse amathera pa limodzi mwa malembo amenewa, makamaka aneni omwe ochuluka amathera pa a. Munthu akhoza kundandalika mawu monga kudzuka, kutuluka, kusauka, kutembenuka mpaka ndime kudzaza asananene kanthu kogwira mtima, ndipo chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti ena amapotoza chiganizo, kukankhira mneni kumapeto mokakamiza, kuti mzere ufanane ndi unzake.

Msana wa ndakatulo yathu ndi chibwereza, monga zilili m'nyimbo za pamtondo ndi za pamaliro. Aliyense amene anachezerapo pa siwa kuno, thupi likudikira ulendo wa ku Mangochi kapena ku Dedza, anamvapo mayi wotsogolera nyimbo akubwereza mzere umodzi katatu, anzake akuvomera, kenako n'kusintha mawu amodzi okha, ndipo pomwepo m'pamene anthu amagwetsa misozi. Choncho wosanthula ndakatulo azifunsa kuti ndi mawu ati abwerezedwa, aikidwa kumayambiriro kwa mzere kapena kumapeto, nanga mlakatuli wasiya pati kubwerezako ndipo chifukwa chiyani.

Kayendedwe ka mizere nako sikayesedwa ndi muyeso wa ndakatulo za Chingerezi. Ife polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene tikupumira, ndiponso liwu limakwera ndi kutsika, kotero njira yabwino ndi kuwerenga maphatikizo a mzere uliwonse, kenako kulakatula mokweza kuti timve pamene mpweya ukuthera.

Pempho langa, a Mkonzi, n'lakuti mukamatulutsa ndakatulo pa intaneti muziikaponso mawu ojambulidwa a mlakatuli mwini, kuti ana athu, kuphatikizapo amene akukonzekera mayeso a MSCE kumudzi, azisanthula zimene amva ndi makutu awo.

Ine wanu,
Wokonda ndakatulo,
Rosettenville, Johannesburg