Kalata kwa makasitomala athu: kusintha kwa kakonzedwe ka kapinga wa pulasitiki pa dothi la makande

Okondedwa makasitomala athu,

Tikulemba kalatayi kwa inu nonse amene tinakuyalirani kapena kukukonzerani kapinga wa pulasitiki pakhomo panu, makamaka inu a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu ndi Nsanje, komanso a madera ena otentha kumene nyumba zinamangidwa pa dothi la makande. Kuyambira mwezi wa Meyi ukubwerawu, sitidzaikanso chigamba kapena kumata msoko pa kapinga amene wawonongeka tisanamufunyulule ndi kuona maziko ake (kupatula malo opsa, osungunuka kapena okumbidwa ndi galu), ndipo tikapeza kuti mazikowo ndi amene asuntha, ntchito yathu izikhala yokonza mazikowo poyamba.

Chifukwa chake ndi khalidwe la dothili, limene ambiri a inu mumalidziwa bwino kuposa ife. M'chilimwe makande amauma n'kuchita ming'alu yoti dzanja n'kulowamo, ndipo mvula ikagwa amamwa madzi n'kufufuma, ming'alu ija n'kutsekeka. Dothi likamatero chaka ndi chaka, miyala ndi fumbi la kwale zimene zili pansi pa kapinga zimatsetserekera m'ming'alumo nthawi yadzuwa, kenako zimakankhidwira m'mwamba nthawi yamvula, motero bwalo limene linali losalala limayamba zitunda ndi maenje. Madzi salowa msanga m'makande onyowa, choncho amadikha m'maenjemo n'kufewetsa maziko kwambiri. Msoko umene waphwasuka pamwamba kawirikawiri umakhala kuti wakokedwa ndi kusuntha kwa pansiku, ndipo ngakhale titamata ndi guluu wabwino chotani, umatsegukanso dzinja lotsatira. Kulandira ndalama zanu pa ntchito imene tikudziwa kuti siikhalitsa taona kuti si chilungamo.

Pokonza maziko tizichotsa dothi la pamwamba masentimita 10 mpaka 15, kuyala nsalu yolimba yolekanitsa dothi ndi miyala kuti miyalayo isamire m'matope, kuthira miyala ya kwale ndi kuitsindira ndi makina m'magawo awiri kapena atatu, ndipo pomaliza kusalaza ndi fumbi la kwale. Bwalo lizipendekeka pang'ono, pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi aziyenderera kutali ndi khoma la nyumba. Pamene madzi a padenga amagwera pa kapinga tiziika ngalande, popeza madzi a pamalata ogwera malo amodzi ndiwo amafufumitsa mbali imodzi ya bwalo mbali ina ili youma. Kapinga wanu wakale akakhala kuti ulusi wake udakali wolimba tizimubwezeretsa pamalo pake, ndipo simudzafunika kugula wina.

Nthawi yogwirira ntchito isinthanso. Ntchito ya maziko tiziigwira kuyambira Meyi mpaka Seputembala basi, pamene nthaka yauma koma dzuwa lisanafike poopsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi makande amakhala phala, sangatsindirike, ndipo guluu sagwira pa nsalu yonyowa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene ku chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40, kapinga wa pulasitiki amatentha kuposa mpweya, nthawi zina kupyola madigiri 60, ndipo amatanuka masana n'kubwerera usiku. Kapinga wodulidwa ndi kumatidwa masana otere amakoka misoko kukazizira. M'miyezi iwiriyi tizigwira ntchito zing'onozing'ono zokha, m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Tasiyanso kuthira tizidutswa takuda ta matayala pakati pa ulusi wa kapinga. Timathandiza m'mabwalo a mpira pofewetsa pogwera, koma pakhomo timangosunga kutentha ndi kuwotcha ana kumapazi. M'malo mwake tizithira mchenga wotsuka ndi wosefa, umene umalemeretsa kapinga kuti asachite makwinya.

Sikuti kuwonongeka kulikonse kumachokera pansi ayi. Malo opsa ndi makala ogwa pa mbaula, malo osungunuka chifukwa cha kuwala kwa dzuwa kobwerera kuchokera pa magalasi a mazenera, kapena pamene galu wakumba m'mphepete, tizikonza ndi chigamba monga kale, nyengo iliyonse yopanda mvula. Chokhacho mudziwe n'chakuti chigamba chatsopano chimaoneka chobiriwira kuposa kapinga amene wakhala padzuwa zaka zingapo, choncho ngati munasunga zidutswa zotsala pa nthawi yoyala, mutipatse zimenezo. Mtundu wake umayandikirako, ndipo tikazigoneka motsata kumene ulusi unapendekera chigambacho sichioneka kwambiri.

Pa nkhani ya malipiro, kubwera kudzaona bwalo kuzikhala ndi mtengo wake, umene tizichotsera pa mtengo wa ntchito yonse mukatipatsa ntchitoyo. Kukonza maziko n'kokwera mtengo kuposa chigamba, makamaka chifukwa cha mayendedwe a miyala, ndipo tizikulemberani mtengo wonse papepala tisanayambe kukumba. Lonjezo lathu lokonzanso mwaulere liziperekedwa pa mabwalo okhawo amene maziko ake takonza ife. Inu amene muli kale ndi lonjezo limene nthawi yake isanathe, palibe chimene chasintha, tidzalikwaniritsa monga tinagwirizanirana, ndipo kudzaona bwalo lanu sitidzakulipiritsani.

Tikupempha kuti amene mwaona zithaphwi, zitunda kapena misoko yotseguka dzinja lino mutidziwitse mwezi wa Epulo usanathe, ndipo mutitumizire zithunzi za bwalo zojambulidwa mvula itangokata, chifukwa ndi nthawi imene malo otsika amaonekera bwino. Tidzayamba ndi mabwalo amene madzi akudikha pafupi ndi maziko a nyumba.

Ife anu,
Oyang'anira kampani