Lipoti la ulendo wa ku Venice: zimene ndinaona ku Biennale ya 2024

A wapampando, a komiti, ndi mamembala anzanga nonse,

Ndabwerako bwino. Munandituma ku Biennale, chionetsero cha zaluso cha mayiko ambiri chimene chimachitika mumzinda wa Venice ku Italy, kuti ndikaone zimene aluso a masiku ano akuchita pa zojambulajambula, zithunzi, dizaini ndi makanema aafupi. A msungichuma anawonjezerapo funso lawo tsiku londiperekeza lija, lakuti ndalama tasonkhayi tigulire kamera yatsopano kapena pali china chofunika kuposa apo. Funso limeneli ndinayenda nalo m'mutu masiku onse, ndipo ndiliyankha m'lipoti lino.

Ndiyambe ndi kuvomera kulakwa. Pa masiku asanu amene munandipatsa, limodzi linapita pachabe chifukwa ndinakafika pageti Lolemba, tsiku limene amatseka. Ndinalepheranso kulowa ku chionetsero cha Vatican, chimene anachiika m'ndende ya amayi pachilumba cha Giudecca, poti kumeneko umayenera kulembetsa pasadakhale ndipo ine ndinapeza malo atatha. Amene mudzatume ulendo wina aziyamba waona zimenezi asanagule tikiti ya ndege.

Kwa amene simukuchidziwa bwino, chionetserochi chinayamba mu 1895, ndipo cha 2024 chinali cha nambala 60, kuyambira pa 20 Epulo kufika pa 24 Novembala. Amene anasankha ntchito za m'chionetsero chachikulu ndi Adriano Pedrosa wa ku Brazil, woyamba wochokera ku Latin America kupatsidwa udindo umenewu, ndipo mutu wake unali wakuti alendo ali paliponse. Malo akuluakulu ndi awiri: Giardini, munda umene muli nyumba zimene mayiko amaonetseramo ntchito zawo, ndi Arsenale, kumene kale ankakhomako zombo. Mwa mayiko a mu Africa, Egypt yokha ndi imene ili ndi nyumba yakeyake mu Giardini. Ena amapeza malo ku Arsenale kapena kuchita lendi m'tauni, ndipo kuwapeza n'kuyenda ndithu, kukwera ndi kutsika timilatho mpaka miyendo kuwawa. Benin, Ethiopia ndi Tanzania anali kuonetsa koyamba.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi nyumba ya Australia. Ukalowa umayamba waima kuti maso azolowere mdima. Makoma onse, mpaka kudenga, anawapaka utoto wakuda ngati bolodi la m'kalasi, ndipo Archie Moore analembapo ndi choko mayina a makolo ake, dzina lililonse m'kabokosi kake, kamzere kakulumikiza kholo ndi mwana. Bamboyu ndi wa mitundu ya Kamilaroi ndi Bigambul, eni nthaka a ku Australia, ndipo mzere wa makolowo ukubwerera m'mbuyo zaka 65,000. Cham'munsi mayina amawerengeka. Ukamakweza mutu amanka nachepa m'maso mpaka kumangooneka ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi. Pena ndi pena pali mipata yofufutika, ngati wina wadutsapo ndi chikhatho, ndipo mipata imeneyo ikuimira mabanja amene anaphedwa, amene anatha ndi matenda, kapena amene zolembedwa zawo zinawonongedwa. Pakati pa chipinda pali tebulo lalikulu loyera lozunguliridwa ndi madzi, patebulopo milumilu ya mapepala: malipoti a imfa za eni nthaka amene anafera m'manja mwa apolisi ndi m'ndende, mayina awo atabisidwa. Madziwo sakulola kuti ufike pafupi. Umachita kuwerama uli patali, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti tonse m'chipindamo tinali chiweramire ngati tili pamanda. Woyang'anira anandipempha kuti chikwama ndichinyamulire kutsogolo, kuopa kuti ndingakhudze khoma n'kufufuta agogo a munthu. Ntchito imeneyi ndi imene inalandira Mkango wa Golide, mphotho ya dziko limene laonetsa bwino koposa, ndipo kanali koyamba kuti Australia iulandire. Chonsecho zipangizo zake ndi choko, utoto wakuda, mapepala ndi madzi.

Nditatuluka mmenemo ndinayamba kumafunsa pa ntchito iliyonse kuti kodi yapangidwa ndi chiyani, ndipo mayankho ake anandichititsa manyazi pang'ono ndikakumbukira mmene timadandaulira pa misonkhano yathu. Ku Arsenale umadutsa pansi pa denga lolukidwa ndi amayi anayi a mtundu wa Māori a ku New Zealand, gulu lotchedwa Mataaho Collective. Analiluka motsata takapau, mphasa yawo ya pamwambo, koma zolukira zake ndi malamba aja omangira katundu pa lole, zitsulo zake zokokera zili pomwepo. Magetsi akawala pa malambawo, mthunzi wake umagwa pansi ndi pamakoma, ndiye umayenda m'kati mwa nsalu ya mthunzi. Iwonso analandira Mkango wa Golide, wa aluso a m'chionetsero chachikulu. Ku nyumba ya Zimbabwe, dziko limene lakhala likubwera kuyambira 2011, Moffat Takadiwa wa ku Harare anapachika zinthu zooneka ngati nsalu zachifumu, koma ukayandikira umapeza ndi mabatani a makiyibodi a kompyuta, mitu ya miswachi ndi zotsekera mabotolo, zonse zotoledwa kudzala. Ku nyumba ya Japan, Yuko Mohri anabaya timawaya m'zipatso zimene zikuwola. Chinyezi cha m'chipatso chikamasintha, magetsi amawala ndi kuzima, ndipo kamawu kong'ung'udza kamasinthanso. Fungo lake m'chipindamo silinali labwino kwenikweni, ndinene zoona, koma ana anali kukana kutuluka.

Pa makanema aafupi ndili ndi ziwiri zoti tikambirane mozama, makamaka inu a gulu la kanema. Karimah Ashadu, wobadwira ku London ndi kukulira ku Nigeria, analandira Mkango wa Siliva, umene amapereka kwa waluso wachinyamata, chifukwa cha kanema wake Machine Boys, wosakwana mphindi khumi. Akuonetsa anyamata a kabaza wa njinga zamoto ku Lagos, amene kumeneko amawatcha okada, pambuyo poti boma la mzindawo lawaletsa m'madera ambiri mu 2022. Palibe wofotokoza nkhani pambali. Anyamatawo amazungulira ndi njinga m'fumbi, amayang'ana m'kamera mosaphethira, amadzinenera okha za moyo wawo. Ndinauonera kawiri, kachiwiriko nditatsinzina kwa kanthawi, ndipo ndinapeza kuti theka la mphamvu yake lili m'makutu: kulira kwa injini kumamveka m'chifuwa, koma mawu a munthu amamveka bwinobwino pamwamba pake. Makanema athu awiri a chaka chatha aja anagwera pomwepa. Zithunzi zinali zabwino, koma anthu ankafunsana kuti wati chiyani.

Winayo ndi Bouchra Khalili, wobadwira ku Casablanca. Anapachika masikirini asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, ndipo pa sikirini iliyonse pamangooneka mapu ndi dzanja la munthu litagwira cholembera. Mwini dzanjalo akufotokoza ulendo wake wofuna kulowa ku Ulaya kapena kudutsa malire popanda mapepala, uku akujambula mzere pamapu: apa anandigwira, apa anandibweza, apa ndinakhala miyezi ndikugwira ganyu. Mzerewo umapita, umabwerera, umazungulira. Nkhope simuiona, ndipo kamera sisuntha ngakhale pang'ono. Ntchitoyi anaijambula kuyambira 2008 mpaka 2011, ndipo kamera iliyonse imene tili nayo m'kabati ingathe kujambula zoterezi mawa lomwe. Chimene tilibe ndi zaka zitatu zofunafuna anthu oti akukhulupirire mpaka kukuuza zoterezi.

Ku zithunzi nakonso nkhani ndi yomweyo. Claudia Andujar wakhala akujambula anthu a mtundu wa Yanomami ku Brazil kuyambira m'ma 1970. Sabelo Mlangeni wa ku South Africa, amene anaphunzira ku sukulu ya zithunzi ya Market Photo Workshop ku Johannesburg, anaonetsa zithunzi zakuda ndi zoyera, zina mwa izo za amuna okondana ndi amuna anzawo m'matauni aang'ono a ku Mpumalanga, zimene anajambula kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi tingasiyane nayo maganizo, koma chimene ndikufuna muone ndi china: m'zithunzi zake palibe amene akuoneka kuti wadzidzimuka ndi kamera. Munthu wakhala pabedi lake, akudzikonza tsitsi, ngati wojambulayo ndi wa m'nyumba momwemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife timapita Loweruka m'mawa, pofika masana tabwerako ndi zithunzi mazana atatu.

Pa dizaini, phunziro lalikulu silinali chinthu choonetsedwa koma chimene anaimikirapo zoonetsedwazo. M'chipinda china ku Arsenale zojambula sanazipachike pakhoma. Chilichonse chinali pa galasi lalitali loima pa thanthwe la konkire, njira imene anaiyambitsa Lina Bo Bardi, mmisiri wa mapulani a nyumba wobadwira ku Rome, pokonza nyumba ya zaluso ya MASP ku São Paulo, imene inatsegulidwa mu 1968. Zojambulazo zimaoneka ngati zikuyandama, iwe n'kumayenda pakati pawo ngati pakati pa anthu. Dzina la wojambula lili kumbuyo, ndiye umayamba waona ntchito usanadziwe mwini wake. Kumbuyoko umaonanso misomali, matabwa, ndi timapepala ta zionetsero zakale. Ine ndinathera nthawi yambiri kumbuyo kuposa kutsogolo. Holo timabwerekayi satilola kukhoma msomali pakhoma, ndiye apa pali yankho, ngakhale tidzafunika kufunsa odziwa za kulemera kwa galasi tisanavulaze munthu.

Sikuti zonse zinandisangalatsa. Chionetsero chachikulu chinali ndi aluso 331, ambiri mwa iwo anamwalira kale, ndipo m'zipinda za ntchito zakale za ku Africa, Asia ndi Latin America anazithithikiza pakhoma limodzi mpaka maso kutopa. Pa timapepala tofotokozera pankabwerezedwa mawu akuti aka n'koyamba ntchito ya wakutiwakuti kuonetsedwa ku Biennale. Poyamba zinkandikondweretsa, koma pofika kachikhumi ndinayamba kudzifunsa ngati kuitanidwa mochedwa chonchi, n'kuikidwa pagulu, kulidi ulemu. Ena amene ndinacheza nawo pamzere ankati bola kuyamba. Mwina akunena zoona.

Ndichenjezenso pa chinthu chimodzi, kuopa kuti lipotili lingamveke ngati ndikunena kuti ndalama n'zosafunika. Choko n'chotchipa, koma Archie Moore anakhala milungu yambiri akulemba pamakoma aja, kumbuyo kwake kuli zaka za kafukufuku, thandizo la boma la dziko lake, ndi akatswiri a magetsi amene anayeza kuwala kuti chokocho chioneke mumdima. Ndalama zinalowa ndithu, koma zinalowa m'nthawi ya munthu ndi m'kaonetsedwe ka ntchito.

Tsono kwa a msungichuma ndi komiti yonse, maganizo anga ndi akuti kamera ija tiyambe taiimika. Pakapezeka ntchito yofunadi kamera yaikulu, tidzabwereke ya masiku ochepa. Gawo lina la ndalamayi tigulire chojambulira mawu chabwino ndi maikolofoni awiri, komanso magetsi oonetsera amene tingamayende nawo. Gawo lotsalalo tipatse mamembala awiri, mmodzi wa zithunzi ndi mmodzi wa kanema, kuti aliyense atsate nkhani imodzi yokha kwa chaka chathunthu, azitionetsa pamene wafika miyezi itatu iliyonse. Ndikudziwa kuti amene mwakhala mukudikira kamerayi simukondwa nazo, ndipo ena mwandiuza kale pa WhatsApp. Ndikupempha a wapampando kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano ukubwerawu, tivote titakambirana.

Malisiti onse ndi ndalama yotsala ndapereka kwa a msungichuma. Buku la chionetserochi ndasiya kwa a mlembi, ndipo ndi lolemera, choncho obwereka azilemba dzina. Zithunzi ndinajambula kumeneko ndidzabwera nazo pa fulashi, koma za m'nyumba ya Australia musaziyembekezere kwambiri, zinatuluka zakuda bii.

Ine nthumwi yanu.