Kalata kwa mwana wanga wa ku Connecticut

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Kuno tili bwino, ndipo bambo ako akupereka moni.

Ndamva kuti Loweruka lililonse umapita ndi mnyamata ku basketball, koma mtsikana umamusiya pakhomo, ati ndalama za kalabu sizikwanira ana awiri, komanso mpira wa atsikana ulibe tsogolo. Za ndalama ndikumva, sindikutsutsa. Koma za tsogolozo ayi, mwana wanga, makamaka zikamachokera pakamwa pa munthu wokhala m'chigawo chimene chili ndi University of Connecticut.

Yang'ana ku Storrs komweko, tauni imene kuli yunivesiteyo, imene mwachidule amaitcha UConn. Geno Auriemma anayamba kuphunzitsa timu ya atsikana ya UConn mu 1985, timuyo isanamveke n'komwe. Mu 1995 anatenga chikho cha dziko lonse osagonjapo masewero ndi amodzi omwe, ndipo pofika 2025 zikhozo zinali 12. Panthawi ina anapambana masewero 111 motsatizana, mpaka Mississippi State inawaimitsa mu 2017. Anyamata nawo si ofooka ayi: Jim Calhoun anawapatsa zikho zitatu, Kevin Ollie chimodzi, Dan Hurley ziwiri mu 2023 ndi 2024. Zonse pamodzi ndi 6, theka la za alongo awo. Mu 2004 ndi 2014 matimu onse awiri anabweretsa zikho pasukulu imodzi chaka chimodzi. Ndiye amene ulibe tsogolo ndi mpira uti?

Ndiponso usaiwale kumene unachokera. Ndi angati amene amadziwa Malawi chifukwa cha Flames, poyerekeza ndi amene amaidziwa chifukwa cha Queens? Unakulira m'nyumba imene tinkakhala pawailesi kumvera ntchemberembaye.

Zimene atsikana a ku America ali nazo sizinagwe kumwamba. Mu 1972 kunakhazikitsidwa lamulo la Title IX, loletsa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi kapena wamwamuna. Lamulo limeneli ndi limene linakakamiza mayunivesite kupereka masikolashipu a masewera kwa atsikananso. Komabe mtima wa anthu umachedwa kusintha kusiyana ndi lamulo. Mu 2021, pa mpikisano wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, anyamata ku Indianapolis anawakonzera jimu yodzaza ndi zipangizo, pamene atsikana ku San Antonio anangowaikira kashelefu kamodzi ka tizitsulo tonyamula. Wosewera wa timu ya Oregon, Sedona Prince, anajambula zimenezi n'kuziika pa intaneti, akuluakulu n'kuchita manyazi. Patangopita zaka zitatu, fainolo ya atsikana ya South Carolina ndi Iowa inaoneredwa pa kanema ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa fainolo ya anyamata imene UConn yomweyo inapambana. Ine sindikufuna kuti kashelefu kaja kapezeke m'nyumba mwako.

Tsopano ndikuchenjeze za ana onse awiri, pajatu ndikukudziwa, ukakonda chinthu umalowa ndi mutu womwe. Osewera a ku koleji amene amakafika ku NBA kapena WNBA, maligi akuluakulu a amuna ndi akazi, ndi ochepa kwambiri, ndipo malipiro a ku WNBA ali kutali ndi a ku NBA. Phindu lenileni la mpira umenewu kwa banja ngati lathu ndi digiri yopanda ngongole. Bondo silichedwa kuthyoka: Paige Bueckers wa timu ya atsikana ya UConn anaphonya chaka chonse atavulala mu 2022, ngakhale kuti anachira n'kutenga chikho mu 2025. Ambiri sabwereranso chotero. Ndipo timu ya anyamata ya UConn inaletsedwa kupikisana nawo pa chikho mu 2013 chifukwa osewera ake sankakhoza bwino m'kalasi. Ngati ukufuna dzina loti uziwatchulira adzukulu anga, uziwatchulira Emeka Okafor amene ankasewera ku UConn, mwana wa makolo a ku Nigeria, amene anamaliza digiri yake ya zachuma m'zaka zitatu ali mkati mosewera, n'kutenganso chikho mu 2004.

Choncho chita izi. Yamba wamufunsa mtsikanayo ngati akuufunadi mpirawu, mwina mtima wake uli kwina, ndipo usamukakamize chifukwa cha kalata ya agogo ake. Akavomera, gawa ndalamazo pakati, ngakhale zitatanthauza kuti onse awiri alowe kalabu yotsika mtengo. Nyengo ya masewero ikayamba mu Novembala, uwatenge onse ku Gampel Pavilion, bwalo la UConn, tsiku lina kukaonera anyamata, tsiku lina atsikana, mnyamatayo asatsale ayi. Malipoti awo a sukulu uzinditumizira pa WhatsApp teremu iliyonse, ndiziona ndekha.

Moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti nsalu ija ndalandira.

Ndine,
Mayi ako